Mivi ya Laimu pa Kamutu

Lolemba

Zavuta. Mayi a Tadala akuti sabata ya mawa akupita kwawo ku Phalombe ndi ana onse awiri. Ndikufunsa kuti mubwera liti, akungoti, "Tiona." Tiona ameneyu ndikumudziwa ine. Mkazi wa msuweni wanga ananenanso tiona, chaka chino n'chachinayi.

Akuti asowa phiri. Anabwera kuno ali mtsikana, makolo awo ali matenanti pa esiteti. Makolowo anabwerera, iwo ndinawatsakamiza ine. Zaka zonsezi osadandaula. Lero akuti, "Kuno maso alibe potsamira. Uku fodya, uku zigafa. A Phiri ali mbwee, koma phiri lenileni mulibe."

Sakunama. Akayamba kufotokoza za kwawo, ine mpaka ludzu: njira za m'nkhalango, madzi ozizira otuluka m'thanthwe, mivi ya penti pamiyala yolozera alendo oyenda ndi ana awo.

Ndiye nayi nzeru. Ifenso phiri tili nalo! Kamutu, kuseri kwa esiteti. Mitengo idakalipo chifukwa ngolo siikwera miyala. Ndilambula njira yoti ngakhale Yankho wathu wa zaka zinayi ayende yekha. Loweruka tikwera banja lonse. Akaliona sapita.

Zofunika:
chikwanje
laimu wotsala muja tinapaka nyumba
burashi (palibe, chitsononkho chikwana)
kutseka pakamwa

Lachiwiri

Kuthirira nazale ya fodya m'mamawa, kenako njinga.

Abale inu! Ndinabadwira pompano, imvi zayamba, koma Kamutu ndinali ndisanakwerepo. Mitengo ya mombo yaphuka masamba ofiira. Nyenje zikulira mpaka makutu kuwawa. Masuku ali pansi osatola munthu. Mthunzi wake wozizira bwino, wosanunkha fodya.

Mtengo wina ndikuukumbatira, manja osakumana. Mwadzidzidzi ndikudzipeza ndikuwerenga mphanda za chigafa zimene zingatulukemo. Manyazi! Ndaupepesa.

Njira yafika theka. Matuza anayi m'manja.

Kunyumba ndikunama kuti ndinali kudimba. Mayi a Tadala akuchotsa katsamba m'tsitsi mwanga, akukanunkhiza. "Dimba lanu mwayamba kulima mombo?" Mkazi ameneyu akanakhala wapolisi, akuba onse bwenzi atalapa.

Lachitatu

Tsiku la mivi. Ndayambira pamjigo wa m'mbali mwa msewu mpaka pamwamba, mwala uliwonse waukulu muvi wake, woyera mbee. Ndawonjezera mawu, kuti zioneke za pamwamba:

pamjigo: TAKULANDIRANI. LOWERUKA, BANJA LONSE
pakati: AGOGO NDI ANA PUMULIRANI PANO
chakumtunda: MUSAFOOKE, MWATSALA PANG'ONO
pansonga: MWAFIKA

Ndikubwerera m'mbuyo kuti ndione bwino. Ntchito yanga yomweyi? Ndikadapitiriza sukulu ine, kaya.

A Gondwe, oyandikana nafe nyumba, andipeza ndi ndowa ya laimu. "Mukulemba za chiyani?" Ndikuti n'chinsinsi, mumva Loweruka. Akutsinzina diso limodzi. "Tamva, bwana."

Bwana? Ine? Zikukoma ndithu.

Lachinayi

Moni wa lero ndi wachilendo. Anthu amene sandipatsa moni akutsika panjinga, manja onse awiri.

A Nabanda, agogo oyendera ndodo a kumapeto kwa mudzi, afika ndi mazira atatu m'kansalu. "Mwana wanga, polemba musalakwitse, ndine Nabanda wamkulu. Wamng'ono analandira kale."

Analandira chiyani?

Masana ndamva zonse. Chaka chino mayina ambiri sanatuluke pa makuponi a feteleza wotsika mtengo, ndiye aliyense khutu lili tcheru. Mphekesera ikuti ndapatsidwa ntchito mwakachetechete, ndipo Loweruka pamwamba pa Kamutu akalemba mayina otsala. Akuti asankha kuphiri kuti mavenda asadziwe. Umboni wake? Mivi yanga!

Ndikukana. Ndikulumbira. A Gondwe akuuza anthu kuti, "Mwaona mmene akukanira? Anawauza kuti azikana."

Mazira ndabweza. Abwereranso, tsopano ndi asanu.

Chikwama cha ulendo chatsitsidwa, chili pamphasa. Zovala za ana zili pachingwe. Mtima wanga suli m'malo.

Lachisanu

Kukafufuta mivi. Laimu yemweyu pakhoma la nyumba amachoka ukangotsamira, koma pamwala wakana! Ndikukhula ndi mchenga, ndikumata dothi. Potsika ndikupeza wina wabwezeretsa ndi phulusa, n'kuwonjezera mivi ina yochokera kumudzi wa tsidya.

Ndapita kwa mkulu wa mpingo kuti alengeze kuti ndi bodza. Akuti alengeza Lamulungu. Lamulungu! Potsanzikana akunong'oneza, "Nanga mawa tifike nthawi yanji?"

Basi, ndaulula zonse kwa mayi a Tadala. Ayamba kuseka, mpaka kukhala pansi, misozi mbwembwembwe. Miyezi itatu ndisanakumve kuseka kumeneku, ndinali nditakusowa.

"Kamutu ndiye phiri? Kwathu chimenecho ndi chulu, timabzalapo maungu."

Zandiwawa, koma pang'ono. Akuti mawa tipita tonse. "Mukapita nokha akakuphani."

Loweruka

Mzere! Kuyambira pamjigo mpaka m'mitengo. Midzi inayi. Amayi ndi ana kumbuyo, azibambo ovala majekete pa dzuwa lonseli, wina wasenza njinga pamutu poopa akuba. Wogulitsa zitumbuwa wakhazikika kale pa MUSAFOOKE.

Njira yanga ikugwira ntchito, ndinene zoona. Palibe wagwa. Yankho akuyenda yekha, masaya atatupa ndi masuku. A Nabanda akhala pamwala wa agogo, akupuma. "Chaka chino atiganizira okalamba," akutero. Ndikufuna nthaka ing'ambike ndilowe.

Pansonga: MWAFIKA. Tebulo palibe. Kope palibe. Ine ndekha, nditaima pathanthwe. Ndanena zoona zonse.

Phokoso! A Gondwe: "Ndiye mwatikweza kuti tidzaone mitengo?" Wina watola mwala. Ndikuona bwinobwino, uli ndi muvi wanga.

Mayi a Tadala akukwera pathanthwe paja. Munthu wamfupi chonchi, mawuwo kaya amawasunga pati.

"Amuna anga sanaitane munthu! Njirayi amalambulira ine, kuti ndisathawire kwathu. Azimayi, tandiuzani, ndani mwa inu amuna ake anamulambulirapo njira, ngakhale ya kuchimbudzi?"

Nthungululu! Azibambo onse akuyang'ana nsapato zawo. Mwala uja waikidwa pansi mwaulemu.

Kutsika akutsogolera ndi mayi a Tadala. Akuonetsa anthu kuponda chammbali, kugwira muzu osati udzu, ana patsogolo pa amayi awo. Phazi lawo pamwala silifunsa, limangodziwa. Zaka zonsezi ndimawaona akuyenda m'mizere ya fodya, osadziwa kuti ndinakwatira munthu wotere.

A Nabanda akukana kutsika msanga. Aima ndi ndodo yawo, akuyang'ana chigwa chonse, zigafa ngati mabokosi a machesi. "Denga lija ndi langa? Iii, koma lapindika." Akuseka. Kenako akufunsa motsitsa ngati mayina sadzalembedwanso kwina. Anthu akubwerera ndi masuku m'mipango, feteleza ayi, mvula ili pafupi. Izi zokha sizikuseketsa, ndipo ndikumva chisoni kwambiri.

Mazira asanu aja ndawapititsa ndekha, ndi ena awiri anga.

Lamulungu

Miyendo si yanga. Kutchalitchi ndikukhala pansi ngati nkhalamba. Mkulu wa mpingo walengeza kuti nkhani ya dzulo inali bodza. Zikomo kwambiri, abambo. Ana akundiitana kuti a Makuponi, ndipo ndikuona kuti dzinali ndifa nalo.

Chikwama chamangidwa. Ndikufunsanso kuti mubwera liti.

"Ndinyamuka Lachiwiri. Ndibwera pakatha masabata awiri, tisanayambe kuwokera fodya. Tadala atsale, asajombe kusukulu."

Tsiku lenileni! Mwana akutsala! Ndikufuna kuvina, miyendo ikukana.

"Kachulu kanu kaja mphepo yake ndi yabwino. Amayi adzakakonda."

Amayi ati?

Apongozi. Akubwera nawo. Osati kudzacheza, kudzakhala. Akuti poti kuno kwapezeka pokwera, palibenso chowasiyira okha kumudzi.

Zoti ndichite asanafike:
kuchotsa njinga ndi mbewu m'chipinda chaching'ono
kukulitsa njira ya kuphiri, poti mkamwini ayenera kukhala ndi popatukira akakumana ndi apongozi
kusiya kuyenda chifuwa pamtunda pakhomo panga pomwe

Ndavomera zonse. Ndikanatani? Mkazi wanga abwerera, ndipo chimenecho ndicho ndimafuna. Koma mpando wanga wa ndalema wa pakhonde ndiye wapita, mkamwini sakhala pampando apongozi ali pamphasa. Ndaukhalira madzulo onse lero, kutsanzikana nawo.