A Ndinetu, wakuba wosaba kanthu

Mumsewu uja munalibe chinthu chosowa chimene a Ndinetu sanavomere kuti aba ndi iwo. Lumo la wometa likasowa, m'mamawa anali atafika kale kupolisi, jekete atamanga mabatani onse, manja atatambasula kudikira unyolo.

"Ndinetu, bwana. Ndimangeni."

Sajeni wa pakauntala, munthu wamimba yake wosafuna zokangana, ankangopukusa mutu. Tsiku lina nkhalambayo inavomera kuti yaba njinga ya telala, chonsecho kupalasa sinkadziwa. Sajeni anaibwereka yake kuti isonyeze mmene inathawira. Inakagwera m'ngalande miyendo m'mwamba, n'kudzuka ikuumirira kuti ya telala inachita kusenza pamutu. Inavomeranso dzino la mlonda wa pasukulu, loti linaguluka lokha akutafuna. Akazi awo ankati abambowa ngakhale shuga wa m'nyumba mwawo amayamba apempha.

Sajeni ankawakhazika pabenchi, kuwapatsa tiyi, n'kuitanitsa wobedwa uja. Munthu ankabwera atalusa, dzina la neba lili kale pakamwa. Koma akamva a Ndinetu akulongosola mmene analumphira mpanda ndi bondo lawo lotupa, ankaseka mpaka kugwira nthiti. Kawirikawiri mawa lake katunduyo ankapezeka pakhomo, wakuba weniweni manyazi atamugwira.

Sajeni atatopa nazo anawafunsa chimene amadzivutitsira. Iwo anayankha akuuzira tiyi kuti mlandu ukasowa mwini umagogoda nyumba iliyonse.

Anamwalira mwezi wa mvula, ali m'tulo. Pamaliro wometa ananong'oneza kuti akanadzuka akanavomeranso imfayi.

Sabata isanathe, amayi awiri apachibale okhala mpanda umodzi anatulukira pakauntala atagwirana nsalu. Simbi yositira inali itasowa. Wamkulu ankaloza ana a mng'ono wake, wamng'ono akulumbira kuti asamuka lero lomwe ndipo asadzaonanenso ngakhale pamaliro. Sajeni anayang'ana pabenchi, anayang'ana kukhomo. Kunalibe wobwera, ndipo mtima unamuwawa kwambiri.

Anaimirira, nalimbana ndi mabatani a jekete yake mpaka onse analowa pamimba paja, natambasula manja.

"Ndinetu, amayi."

Wamng'ono ndiye anayamba kuseka. Wamkulu anafuna kumukalipira, koma chinatuluka ndi kulira, ndipo onse awiri anabwerera kwawo atafunda nsalu imodzi.