Mmene a Sandalamu Anapakira Galimoto Molasesi

Mwambi uwu unayamba motere, ana inu, ndipo iwe ukutafuna nzimbe kumbuyoko yamba wameza, sindifuna munthu atsamwe pakati pa nkhani yanga. Aphunzitsi anu amati mwambiwu umanena za chipatso. Asiyeni, iwowo kunalibe. Ine ndinaliko, ndipo mwendo uwu unalumidwa nawo.

Ku Chigwa konkuno, pafupi ndi minda ya nzimbe, kunali bambo wina dzina lake a Sandalamu, amene anapuma ntchito ya ukalaliki ku kampani ya shuga. Anali munthu woumira koopsa, wakuti kamtengo ka machesi ankakang'amba pakati kuti kayatse kawiri. Chuma chawo chonyadira chinali chimodzi: Pijo yakalekale ya nyali zozungulira, imene anagula kwa mzungu wina wobwerera kwawo. Galimotoyo inayenda chaka chimodzi chokha, kenako inakhala pansi pa mtengo wa mkuyu kuseri kwa nyumba zaka zosawerengeka, nkhuku zikuikiramo mazira. Mudzi wonse unkangoitcha chigalimoto cha mkuyu, ndipo aulesi pakamwa ankangoti cha mkuyu.

Tsono mwana wawo wamkazi, Zelifa, anapeza banja kwa a Fombe, anthu a golosale pamsika. Pokambirana za ukwati, atate a mnyamata ananena mwaulemu ndithu kuti iwo abwereka galimoto yonyamula mkwatibwi. Mawu amenewo anawalasa a Sandalamu pamtima.

"Asewere, musavutike," anatero. "Mwana wanga adzapita ku tchalitchi pa galimoto ya bambo ake."

A Fombe anasuzumira kuseri kwa nyumba, naona tambala ataima pamwamba pa galimotoyo, ndipo anangoti zikomo. Alendo atapita, Zelifa anagwada nawauza bambo ake kuti iye sakufuna zambiri. Kaya pa njinga, kaya wapansi, chimene ankapempha n'chakuti akafike pakhomo pa tchalitchi anthu osamuseka. A Sandalamu anamuuza kuti agone tulo, dziko lonse lidzamusirira.

Anaitana makaniko wina, a Jofilisi, amene analimbana ndi injini mpaka inatsokomola n'kudzuka. Anawotcherera malata pamene panabooka, napaka penti wofiira pamwamba ponse, galimoto n'kuwala ngati phwetekere wakupsa. Koma atatuluka kunsi kwake, a Jofilisi ananena kuti ntchito yatsala imodzi. Matope a kuno ndi amchere, mvula ili pafupi, ndipo malata a kunsi akasiyidwa osapaka, dzimbiri lidzawadya mpaka tsiku lina wokwera adzapezeka akuthamanga ndi miyendo yake pamsewu ali m'galimoto momwemo. Pankafunika penti wakuda wolimba uja amakaniko amati andakoti, wogula m'zitini ku Limbe.

A Sandalamu anakwera basi kukamuona andakotiyo. Atamva mtengo wake anapempha mpando ndi madzi akumwa. Anafunsa ngati kuli chitini chaching'ono, anafunsa ngati kuli chotsegula kale, anafunsa ngati angagule theka, mpaka wogulitsa anayamba kuthandiza anthu ena. Anabwerako chimanjamanja, akudandaula ndalama ya basi.

A Jofilisi anati ngati zavuta, apake oilo wakutha wosakaniza ndi girisi, monga amachitira eni malole. A Sandalamu anakana, amvekere zimenezo zimanunkha ndipo girisiyo ngogulanso. Wina anati akapemphe phula kwa okonza msewu, koma okonza msewuwo anafuna kangachepe, nkhani n'kuthera pomwepo. A Jofilisi anatopa nazo, anatenga zitsulo zawo n'kupita, nanena kuti akadzapeza chopaka adzawaitane. Sanaitanidwenso.

Tsiku lina a Sandalamu akudutsa kwa mayi wina wotcheza kachasu, anaona mgolo wodzaza ndi molasesi, manyuchi akuda aja otsala popanga shuga, amene kuno timapatsa ng'ombe ndi kuphikira mowa. Anaima. Anaviika chala. Chinthucho chinali chakuda ngati andakoti wa ku Limbe, cholemera ngati yemweyo, chomata kuposa yemweyo, ndiponso chonunkhira bwino. Mayi uja, poti anali mlamu wawo, anawapatsa ndowa ziwiri ulere. Ana inu, munthu woumira akamva mawu akuti ulere, nzeru zimatsika n'kukakhala m'mawondo.

Kunyumba akazi awo anawayang'ana, nayang'ana ndowa zija.

"Bambo a Zelifa, zimenezi si zodyetsa ng'ombe?"

"Mayi, ndagwira ntchito ku shuga moyo wanga wonse," anayankha a Sandalamu. "Munaonapo nzimbe itachita dzimbiri?"

Mayiwo anavomera kuti sanaionepo, ndipo anabwerera ku ntchito zawo akupukusa mutu.

A Sandalamu anakumba dzenje, anakankhira galimoto pamwamba pake, nalowa pansi ndi tsache. Anapaka kunsi konse, uku akunyambita zimene zinkadonthera pamilomo, ndipo anatulukamo akuti palibe makaniko amene anagwirapo ntchito yokoma chonchi. Ndowa imodzi inatsala. Kutaya chinthu chaulere kwa iwo kunali tchimo, choncho anatsegula zitseko n'kuthira mkati mwake, anazula mipando n'kupaka pansi pake, anapakanso kunsi kwa mphasa zopondapo, n'kubwezera zonse m'malo mwake bwinobwino. Kunja sikunkaoneka kanthu, kungowala kufiira kuja basi.

Zizindikiro zinabwera, musaganize kuti sizinabwere. Mbuzi za m'mudzi zinayamba kusonkhana pa galimoto, zitagwada, mitu ili kunsi. A Sandalamu anati ngakhale ziweto zimadziwa chinthu chabwino. Ana a anthu oyandikana nawo ankapezeka atagona chagada pansi pa injini, n'kutulukamo milomo ili bii, ndipo iwo anati anawo adzakhala amakaniko. Akazi awo anawaonetsa mzere wa nyerere ukukwera tayala, wina ukukwera tayala lina. Iwo analoza nkhuyu zakugwa zimene zinali mbwee pansi pa mtengo, amvekere nyererezo zikutsata zipatso, galimoto zangoiyesa njira yachidule. Anazisesa ndi tsache lomwe lija, lomwe linali lisanatsukidwe.

Tsiku la ukwati linafika, dzuwa lake la mwezi wa Okutobala, lija limaswa mtengo. Galimoto anaimanga maliboni ndi zibaluni, ndipo kunena zoona inakongola, ine ndemwe ndinasirira. Tsono mudziwe kuti masiku amenewo mkwatibwi ankalangizidwa zolimba. Anankungwi anamuuza Zelifa kuti kuchokera pakhomo pa bambo ake mpaka kukatsika pa tchalitchi azyolike, asayankhule, asaseke, asatembenuke, ndipo ngakhale ntchentche itere pamphuno asadzikande, chifukwa mkwatibwi wojijirika amachititsa manyazi mtundu wonse. Mwanayo anali womvera. Anakhala kumbuyo yekha, diresi loyera litadzaza mpando wonse, velo kumaso. Ine anandiika kutsogolo, ntchito yanga inali yogwira chitseko chimene sichinkatsekeka.

Ku tchalitchi kunali pafupi, poti munthu ukaima pa mkuyu paja unkaona mtanda wake. Koma a Sandalamu anakhotera kumsika. Anati anthu amene anaiseka galimoto imeneyi zaka zonsezi ayenera kuiona mmodzimmodzi. Tinayenda pang'onopang'ono ngati maliro, hutala akulira, kuzungulira msika, kudutsa pa chigayo, kubwereranso pamsika chifukwa ogulitsa nsomba anali atayang'ana kumbali.

Pamenepo injini inali itatentha, dzuwa likuwotcha malata, molasesi n'kuyamba kusungunuka. Fungo la shuga wopserera linadzaza m'galimoto. Ndipo nyerere zimene zinamanga midzi m'mipando, m'zitseko ndi pansi pa mphasa zinaona kuti kwawo kwatentha, zinanyamula ana ndi mazira n'kuyamba kusamukira kumtunda. Kumtunda kwake kunali diresi la Zelifa.

Mwana uja sanagwedezeke. Ndikamakumbukira mtima umandiwawa mpaka lero, ngakhale ndimaseka. Anangoluma mlomo, misozi ikutsika pansi pa velo. Amayi a m'mbali mwa msewu ataona misoziyo analuluta, amvekere onani mwana woleredwa bwino, akulira chifukwa chosiya makolo ake. A Sandalamu anamva zimenezo, anamuyang'ana pa galasi, nawonso maso anadzaza misozi.

"Usalire mwana wanga, uzidzabwera kudzationa," anatero. "Tizungulirenso kamodzi kuti mtima ukhale pansi."

Tinazunguliranso. Ng'ombe zitatu zinali zitayamba kutitsata, zikunyambita madontho akuda amene tinkasiya pamsewu.

Zinthu zinasintha pamene nyerere zakutsogolo zinapeza mwendo wa buluku la a Sandalamu. Poyamba anangogwedeza bondo. Kenako anamenya ntchafu. Kenako anasiya chiwongolero n'kumenya ndi manja onse awiri, phazi likuponda moto m'malo mwa buleki. Pijo imene inakhala zaka osayenda inakumbukira unyamata wake. Ine zinali zitandilowa m'sokosi, ndinasiya chitseko chija n'kumadzipulumutsa. Tinalowa pabwalo la tchalitchi fumbi lili koboo, chitseko chikuuluka ngati phiko la nkhuku, n'kukaima pa mulu wa mchenga patsogolo penipeni pa a Fombe ndi abale awo onse, kwaya ili pamzere.

Zelifa anapirira mpaka galimoto itaima, chifukwa malangizo anali otero. Itangoima anatuluka ngati mpira. Velo linapita uko, nsapato uko, akudumpha, akudzimenya m'nthiti ndi kumsana. Akwaya anayesa ndi chimwemwe, anayambitsa nyimbo yofulumira, wang'oma n'kumutsatira mapazi. Mpaka pamene anatembenuka m'pamene anthu anaona kuti kumbuyo konse kwa diresi loyera lija kunali kwakuda ndi molasesi, ndipo chakudacho chinkayenda.

Koma ngakhale zimenezo anthu sanaziyang'ane nthawi yaitali, chifukwa mbali inayo a Sandalamu, atate a mkwatibwi, atavala jekete ndi tayi, anali atavula buluku pamaso pa asewere awo n'kumalikutumula pa khoma la tchalitchi. Abusa anatseka Baibulo n'kuyang'ana kumwamba. Kuseka kunayamba ndi ana, kenako kunagwira aliyense, ndipo ena anakhala pansi.

Ukwati unamangidwa ndithu, koma mochedwa, mkwatibwi atasamba kuseri kwa nyumba ya abusa n'kuvala chitenje chobwereka ndi bulauzi ya mayi wina wa kwaya, nkhope ili yotupa. Potuluka, a Sandalamu anamuyandikira buluku lili m'malo mwake, nanena motsitsa mawu kuti azikutumula mipando yonse, pobwerera akhoza kukwera bwinobwino. Zelifa anawayang'ana koyamba tsiku limenelo.

"Ababa, ndinakupemphani chinthu chimodzi chokha," anatero.

Anakwera pa kaliyala ya njinga ya mwamuna wake, napita ku madyerero, anthu onse akuwatsata wapansi.

Pabwalo panatsala a Sandalamu, akazi awo, ndi galimoto ija, maliboni ali pepepe, ng'ombe zitaizungulira. A Fombe, poti anali munthu waulemu, anabwerera kudzawapepesa. Anayenda mozungulira galimotoyo, anasisita penti wofiira uja, nati komatu kukongola yakongola, asewere. Kenako anasuzumira pa zenera, n'kubwerera m'mbuyo msangamsanga akukutumula dzanja.

Mayi a Zelifa anamanga chitenje chawo bwinobwino nayankha asewere awowo, maso ali pa amuna awo.

"Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere."