Chipewa cha a Tembo pa Ayezi

Tsiku limene ndinafuna kugometsa bambo ake a Mercy ndi lomwe ndinatsala pang'ono kumuphonya Mercy yemweyo.

Bambowo, a Tembo, ndi a ku Chipata, amayendetsa basi ku Woolwich. Za ukwati wathu anali asananene kuti eya kapena ayi. Ndiye mwa nzeru zanga ndinawatengera ku bwalo la hoke ya pa ayezi la yunivesite yathu. (Masewerowo sindiwadziwa, koma mbiri ya bwalolo ndinailoweza ngati katekisimu.)

Ndinayambira m'sitima momwe. Ndinawauza kuti kale m'nyumba ya bwalolo ankasungiramo nyama yobwera pa zombo, ndipo ntchitoyo itatha ophunzira anapempha makina oziziritsira aja n'kuthira madzi pansi. Denga linagwapo, osewera akale n'kulikonza okha. A Tembo ankangoti, "Oho."

Tinakhala kutsogolo. Kuzizira kwake kosati masewera, koma a Tembo anavula chipewa n'kuchiika pabondo, ati munthu wamkulu savala chipewa m'nyumba. Chinali chipewa chamlomo, chimene anawasiyira malemu achimwene awo. Nanenso ndinavula changa chaulusi kuti ndioneke waulemu.

"Pano pali mwambo wakalekale," ndinapitiriza. "Wosewera mmodzi akagoletsa katatu, anthu amaponya zipewa pa ayezi."

Pakamwa pangapa! Posakhalitsa wosewera wathu anagoletsa chigoli chake chachitatu. Bwalo lonse linaimirira, ine ndinalumpha, dzanja linatola chipewa, fyuu! Chinauluka bwino zedi. Pokhala pansi ndinamva kuti ndakhalira kanthu kofewa. Chinali changa.

"Imwe," anatero a Tembo motsitsa mawu, "chisote changa chayenda kuti?"

Ndinachita mantha, osanama. Ndinathamangira pa kachitseko n'kulowa pa ayezi ndi nsapato za kutchalitchi. Phazi loyamba linayenda, lachiwiri linapita kwake, ine chagada, khu! Anthu anaombera m'manja. Mayi wosamalira bwalo anandikoka ndi jekete mpaka kunja.

"Zipewa sizibwerera," anandiuza. "Timazikhomera pakhoma la m'khonde. Zakhala choncho chitsegulire bwaloli."

(Mbali imeneyo ya mbiri ndinali ndisanaiwerenge.)

Ndinagwada, abale, pamaso pa ophunzira anzanga. Mayiyo anachita chisoni n'kukachisaka m'thumba la zipewa. Chinabwera chonyowa, mlomo wake utachekedwa ndi chitsulo cha nsapato ya wosewera.

A Tembo anachivala chomwecho. Titatsika sitima pobwerera, anatembenukira kwa ine.

"Manje imwe," anatero, "mukakondwa muponya vinthu va bene. Nikakupasani mwana wanga?"

Mercy ndiye anakandichonderera kwa bambo ake, ndipo chilolezo chinatuluka patapita miyezi. Pa ukwati wathu anthu ankadabwa kuti mkwati sakuvina bwanji. Ndinali nditakhalira manja anga onse awiri.