Nkhondo ya Kokankhani Pakati pa Ndirande ndi Bangwe

Tcherani khutu, inu a ku Ndirande ndi inu a ku Bangwe, ndi inunso a ku Nkolokosa amene mumanamizira kuti za anzanu simuzimva, pakuti ndikamba za nyengo ija bandulo inkatha munthu asanamalize kupereka moni, nyengo imene amuna awiri amphamvu anang'amba mzinda wa Blantyre pakati chifukwa cha chilembo chimodzi.

Masiku amenewo kunali nkhani zimene anthu okonda masewero a pa TV ankalemba okha n'kuziika pa intaneti. Amene sewero linawalekanitsa, iwo ankawakwatitsa. Amene linawapha, ankawadzutsa. Kutali, kumayiko amene sitinapondeko, anthu ena anapanga pulogalamu yokoka nkhani zimenezo n'kuzisandutsa buku loti munthu aziwerenga pa foni ngakhale alibe bandulo. Anaipereka ulere, ndi lamulo lakuti aliyense atenge, asinthe, agawireko ena. Koma kuti igwire ntchito pankafunika kompyuta ndi kuleza mtima kwa munthu woweta mbuzi za eni.

Pamenepo anadzuka Hawkins, Mkango wa ku Ndirande, Wotsegula Mafoni Otsekeka, iye amene ankakonza mafoni pansi pa ambulera pamsika, ndipo anaimanga pulogalamuyo kukhala mtolo umodzi woti munthu angodina kamodzi, ilowe m'foni. Anadzukanso mnzake wa pamtima, Steve, Njati ya ku Bangwe, Mfumu ya Mamemori, mwini kashopu koika nyimbo m'mafoni, ndipo anamasulira mabatani onse m'Chichewa n'kuyamba kuigawa kwa aliyense wolowa pakhomo pake. Anaitcha Kokankhani. Inafalikira ngati chimfine cha mu Juni: m'maminibasi, m'masaluni, mpaka pa mabenchi akumbuyo m'tchalitchi.

Tsoka linabwera ndi mtolo watsopano. Pa tsamba loyamba Hawkins analemba dzina lake ndi zilembo zonenepa, ndipo pansi pake, ndi zilembo zonga nyerere, analemba kuti: "Wathandizako: Stev."

Steve ataona zimenezi anatseka shopu dzuwa lili paliwombo, nakwera minibasi, napirira kupanikizana ndi thumba la kabichi njira yonse, mpaka anaima pamaso pa ambulera ija, ogulitsa tomato akumuyang'ana.

"Iwe Hawkins," anatero, "chilembo changa chili kuti? Bambo anga anandipatsa dzina lathunthu. Kusukulu aphunzitsi ankandikwapula ndi dzina lathunthu. Lero ndakhala Stev, ngati sitovu yothyoka mwendo?"

Hawkins sanadzutse mutu pa foni imene ankamasula. "Aise, chala chinangoterereka. Komanso iwe unangomasulira mabatani. Anamanga mtolo ndani?"

"Popanda mabatani anga, anthu akanadina mphuno yakoyo?"

Umo ndi mmene nkhondo inayambira. Steve anatenga pulogalamu ija, monga lamulo linkalolera, namanga mtolo wakewake, nautcha Kokankhani Weniweni. Hawkins anayankha ndi Kokankhani Woyamba. Magulu a pa WhatsApp anagawikana, mauthenga a mawu aatali ngati ulaliki wa pamaliro ankauluka kuchoka phiri lina kukatera phiri lina, ndipo makondakitala a mseu wa Bangwe analumbira kuti foni yokhala ndi Woyamba sadzaibwereka chaja. Mayina a alendo aja amene analemba pulogalamuyo, ngwazi zonse ziwiri zinali zitawafufuta kale kuti pakhale malo okwanira mayina awo.

Kenako Steve anasula chida choopsa. Anakonza kuti mtolo wake ukalowa m'foni, uzichotsa wa Hawkins n'kusesa pamene unali. Hawkins atamva, anasula chida chomwecho. Palibe anaganiza kuti pamalo osesedwawo ndi pamene pankakhala mabuku a anthu.

Ku Chilomoni kunali mayi wina dzina lake Phoebe, woluka tsitsi pakhonde la nyumba yake. Amuna ake, a Blackson, amene kale ankayendetsa lole, anali atafa ziwalo mbali imodzi, ndipo mawu ankatuluka movutikira. Masana aliwonse makasitomala akachepa, Phoebe ankawawerengera nkhani ya dalaivala ndi mwana wamkazi wa bwana wake, amene pa TV analekana koma m'nkhaniyi anali pafupi kubwererana. Nthawi imeneyo yokha ndi imene a Blackson ankaseka. Atatsala pang'ono kufika kumathero, kasitomala wina anamuikira Phoebe Weniweni, ati ndi wachangu. Mabuku ena anasowa. Mwamantha anabwezeretsa Woyamba, ndipo otsalawo anapita nawo. Atafufuza pa intaneti anapeza kuti wolemba nkhaniyo anali ataichotsa kalekale.

Masana amenewo a Blackson anayang'ana foni, nayang'ana mkazi wawo, kenako anatembenukira kukhoma. Chakudya anakana. M'mawa mwake anakananso.

Phoebe anamanga chitenje mwamphamvu, napita ku Ndirande, nakoka Mkango ndi malaya kuuchotsa pansi pa ambulera, naukweza minibasi mpaka ku Bangwe, nauimika pambali pa Njati m'kashopu kaja.

"Achimwene," anatero, "wamkulu ndani pa awirinu sindikudziwa, ndipo sindikufuna kudziwa. Nkhani simunalembe ndinu. Pulogalamu simunapange ndinu. Inu munangokulunga, ngati wogulitsa mandasi akamakulunga m'nyuzipepala. Ndiye mwapondereza mandasi polimbirana nyuzipepala. Amuna anga sakudya. Mundipezere nkhani yanga."

Hawkins anayesa kufotokoza kuti woyamba kusula chida anali Steve. Steve anayesa kutchula za chilembo chake. Phoebe anawayankha onse awiri, ndipo anapitiriza kuwayankha ngakhale atasiya kulankhula, mpaka ogulitsa makala anasonkhana pakhomo, mpaka mawu ake anasasa n'kutheratu.

Motero ngwazi ziwiri zinanyamuka ulendo waukulu, zitakhala pampando umodzi osayang'anana. Zinazungulira Zingwangwa, zinakwera ku Misesa, zinafunsa ku Kameza, zikugogoda m'masaluni ndi m'maokala ngati anthu ofuna lendi. Foni iliyonse imene zinatsegula inali yosesedwa bwinobwino, ndipo pena zinkatuluka mothamanga, pakuti otaya mabuku sanali Phoebe yekha, ndipo ena anali ndi zikuni pafupi.

Ku Machinjiri anawalozera kwa telala wina, Zeinabu, amene ankadziwika kuti amakonda nkhanizi. Anamupeza akupalasa makina.

"Muli ndi Weniweni kapena Woyamba?" anafunsa Steve.

"Ndili ndi uja ndinaika kale. Chinthu chikugwira ntchito, ndichigwirenso chifukwa chiyani?" Anawaponyera foni. Nkhani ya dalaivala inalimo yonse, mpaka mathero.

Hawkins anatsokomola pang'ono, natukula chifuwa. "Mayi, mwina simunatizindikire. Ine ndine Hawkins. Uyu ndi Steve."

"A kuti?"

"Mayina athu ali pa tsamba loyamba."

"Pali tsamba loyamba?" anatero Zeinabu, napitiriza kusoka.

Pangano la mtendere linapangidwa pomwepo, pakati pa zigamba za nsalu. Zida zonse zinachotsedwa, mitolo iwiri inabwerera kukhala umodzi, mayina a alendo aja anabwezeretsedwa pamwamba, ndipo pansi pake panalembedwa Hawkins ndi Steve, zilembo zake atazipima ndi tepi ya telala kuti wina asapose mnzake.

Chikondwerero chinachitikira ku Chilomoni. Anagula chipisi cha pachiwaya, anatulutsa a Blackson pakhonde pampando wawo, ndipo makasitomala a mitu yolukidwa theka anakhala pamkeka ngati nduna. Koma wowerenga analibe mawu. Phoebe anapereka foni kwa ngwazi zija, nanong'oneza mosasa: "Inu a Steve mukhala dalaivala. Inu a Hawkins mukhala mtsikana."

"Mayi, ine ndili ndi ulemu wanga ku Ndirande," anatero Hawkins.

Phoebe anangomuyang'ana. Mkango unachepetsa mawu, nuyamba kuwerenga.

"Ndinakunyoza pamaso pa anthu, wokondedwa, koma mtima wanga sunasiye kukuitana."

"Bwera kuno, duwa langa," inayankha Njati, maso ali kudenga. "Usalirenso."

Pamenepo a Blackson anakweza dzanja lawo lamoyo, ndipo khonde lonse linadikira mawu amene ankabwera pang'onopang'ono.

"Bwe... bwerezani. Mugwirane manja."

Mkango ndi Njati anagwirana manja, nabwereza. A Blackson anakodola mkazi wawo kuti awasendezere mbale, nayamba kutafuna chipisi ndi mbali imodzi ya pakamwa, mapewa akugwedezeka ndi kuseka.