Ndodo za pulu m'chigafa

Pali zinthu zimene munthu umachita ndi mtima wabwino, koma ukazikumbukira umafuna kudzifunda chitenje kumutu. Ine zinandionekera chaka chimene mwana wathu Tadala ankayamwa.

Amuna anga samwa, sasuta, koma ali ndi matenda a ndodo za pulu, masewera aja ogunda timipira patebulo. Nthawi imeneyo anali nazo zinayi. Zitatu anagula pa Kasungu Boma, ina mwa izo yomasula pakati, yokhala ndi kamkuwa konyezimira. Yachinayi anawasemera malume awo asanamwalire, ya mlombwa, kunsonga anamatako kachikopa ka lamba wakale. Imeneyo sankabwereketsa munthu. Lamulungu tikaweruka kutchalitchi ankazipukuta ndi kansalu, kenako n'kuzigubuduza patebulo kuti aone ngati zikadali zowongoka. (Mamina a Tadala sankawaona, koma kafumbi pandodo ankakaonera patali.)

Chaka chimenecho feteleza wa makuponi anabwera mochedwa, titayamba kale kuthyola fodya. Iwo anapita kukadikira pamzere ku Boma. Ine ndinatsala ndikusoka fodya, mwana ali kumsana. Mikangala yopachikira m'chigafa inandithera masamba akadali mulu, ndipo fodya wamuwisi akakhalitsa pamulu amapsa. Apongozi anali nayo yambiri kuseri kwa nyumba. Ndinafika pakhomo pawo, ndinagwada, ndinapereka moni, n'kubwerera. Pakamwa panakana kupempha.

Ndiye ndinakumbukira ndodo zija. Kutalika kwake ndendende mkangala! Ndinapachikapo fodya zonse zinayi, mumtima ndikuti mawa ndichotsa asanafike. Anakhalako masiku anayi, ine n'kuiwala.

Nditamva kuti anthu ayamba kubwera ndi matumba panjinga, ndinathamangira m'chigafa. Fodya anali atafota, ndinamupanikiza pamikangala ina. Koma ndodozo, mayo ine! Zakuda bii ndi phula la fodya, zonata. Ndinazikwecha ndi mchenga, utoto n'kuchoka. Ndinaziyanika padzuwa, zina n'kupindika ngati uta. Pomaliza ndinazitsindikiza ndi thumba la chimanga, n'kukhalapo ine ndi Tadala yemwe.

Amuna anga anatipeza pomwepo.

"Amake Tadala, mwakhala pathumba ngati nkhuku yogonera mazira, kwagwanji?"

"Ndikupuma."

"Nanga chatulukira kumbaliko n'chiyani?"

Anazisolola imodziimodzi, n'kununkhiza.

"Fodya?"

"Eee."

"Wamuwisi? Masiku angati?"

Ndinangoimika zala zinayi.

Anapita nazo patebulo. Yoyamba inayenda modumphadumpha. Yachiwiri chimodzimodzi. Ya kamkuwa inangozungulira kamodzi n'kuima. Atagwira ya malume ndinatsinzina, chifukwa zinazo munthu angagule, koma wosema iyi anali kumanda. Ndinangomva myaa, yafika kumapeto kwa tebulo. Anaigubuduzanso, kenako n'kupukuta m'maso ndi kolala ya shati.

"Mlombwa umenewu! Fodya wamuwisi masiku anayi, osagonja! Malume ankaudziwa mtengo."

Za zitatu zija anandikwiyira sabata yathunthu, koma tsiku lomwelo anakaifalitsa nkhaniyi pagolosale ya pa Kapelula pomwe amasewerera. Mpaka pano ndikamadutsa popita kuchigayo, anzawo amakweza ndodo m'mwamba: "Alamu, mikangala ilipo kuno!" Apongozi nawo atamva anaseka mpaka kutsokomola, n'kunditumizira mtolo wathunthu wa mikangala.

Masiku ano ndimapempha, ngakhale mawu amatuluka monjenjemera. Koma ndinene zoona, sindinagwirepo mkangala wosalala ngati ndodo zija. Tsamba ngakhale limodzi silinang'ambike.