Wailesi Yosankha Ngati Mlamba

Inu a chipewa chofiira, mwaseka chiyani? Minibasi yanu ya ku Mangochi sidzadza msanga, kondakitala akadali pa chiwaya, ndiye khalani pansi, kafoni kanuko mubweze m'thumba, mumve kwa munthu amene analankhula ndi dziko lonse lapansi popanda yunitsi ngakhale imodzi. Ndine Dinesi, wobadwira pa Ulongwe pompano, ndipo amene akuti ndine wabodza aimirire tionane maso ndi maso, chifukwa zimene ndikuuzenizi ndinazichita ndi manja awiri awa, dzuwa likuswa mtengo.

Nthawi imeneyo ndinali mkamwini ku Nselema, kwa Abiti Mkwanda, mayi a mwana wanga Esinati, ndipo ntchito yanga inali ya nsomba: kukagula milamba yowamba ndi matemba ku Chiuta, kumanga pa njinga, kukagulitsa ku Balaka. Tsiku lina ndinakasiya nsomba kwa a Namate, mkulu wina wa ku Balaka konko amene anapuma ntchito ya sitima, ndipo ndili chiimire pakhomo ndinamva iwo akuseka ndi munthu kuchipinda, munthu wolankhula ngati ali m'mgolo. Nditasuzumira ndinapeza ali okha, kutsogolo kwawo kuli bokosi la timagetsi tobiriwira, kukamwa agwirizako maiki. Imeneyo si wailesi ya mpira ndi mauthenga a maliro ija, yongomvera iwe uli duu, iyayi, iyi umalankhulamo wekha, wina ali kutsidya kwa nyanja zamchere n'kukuyankha, kukufunsa za nyengo, za ana, ngati mnansi wa kuseri kwa mpanda. Mtima wanga unagunda mpaka mabatani a malaya anaduka awiri. Ndinabwerera ku Nselema nditaiwala dengu, nditaiwala ndalama za nsomba, njinga ndikuikankha osakumbuka kuti imakweredwa.

Tsono nyumba yathu inali yaudzu, yodontha moti mvula ikayamba tinkathawira panja kukausa. Abiti Mkwanda atamva za wailesi sanakalipe. Anaitana mchimwene wawo, alamu anga Che Lifa, kuti akhale mboni, n'kuika zitini ziwiri pamphasa.

"Bambo a Esinati, ichi n'cha malata, icho n'cha misala yanuyo. Cha malata musadzachikhudze. Dzinja lachitatu likadzatipeza pansi pa udzu, mudzapinde mphasa yanu, njira ya ku Ulongwe mukuidziwa."

Inu a m'tauni mwina simukudziwa, pachikamwini nyumba umamanga ndiwe koma mwini wake ndi mkazi, ndipo mawu onenedwa pamaso pa mwinimbumba sabwezedwa. Ndinavomera, ndinawomba m'manja, ndinati zitini zonse ziwiri zidzadzadza.

Ndiye kusunga kwake, abale anga. Ndinasiya tiyi, ndinasiya mandasi, ndinasiya sopo wosambira n'kumadzikhula ndi mchenga wa ku Chiuta, ndiwo ndinasiya kudya, ndinkangonunkhiza dengu la milamba katatu n'kumeza nsima, mpaka ndinawonda moti chithunzithunzi changa chinandithawa n'kukatsata munthu wina wonenepa wa pa Liwonde, ndipo mphepo ya mwera ikawomba ndinkaika miyala m'matumba kuti ndisaulukire ku Mozambique. Mukumva? Matayala a njinga atatha sindinagule ena, ndinasokerera zikopa za milamba pa malimu, ndipo njingayo inkati ikaona chithaphwi imathamangira yokha kukalowamo. Ulendo wa Chiuta ndi Balaka, umene anzanga ankayenda masiku awiri, ine ndinkaupita kawiri dzuwa lisanapendeke, liwiro lake loti tsiku lina pa mlatho wa Liwonde ndinakumana ndi ine ndemwe ndikuchokera ku Balaka, tinapatsana moni, iye anandiuza kuti matemba akwera mtengo, ine ndinapalasa kupitirira. Ndikulumbira pali mayi anga amene anagona kuseri kwa msika uko.

Pakati pa zonsezi a Namate ankandiphunzitsa, chifukwa chinthu chimenechi sungochigula ngati mpando, chimafuna chiphaso cha boma ndi dzina lako la pamphepo. Anandiphunzitsanso kalankhulidwe kogogoda, kaja ka ti-ti-taa, ndipo poti ndinalibe chogogodera ndinkaphunzirira pa belu la njinga njira yonse, mpaka apumbwa a m'mbali mwa msewu anakagwira, moti mpaka lero mukaima pa Nsanama m'mawa mumva mbalame zikutchula dzina langa chilembo chimodzichimodzi. Chiphaso ndinakatenga ku Blantyre, ndinachikulunga m'mapepala asanu a pulasitiki, ndinkagona nacho pachifuwa.

Chilimwe chachitatu zitini zonse ziwiri zinadzadza mpaka zivundikiro kukana kutseka. Abiti Mkwanda anandipatsa chawo chija ndi manja awiri, nkhope ili mwee, anandikonzera kolala ya malaya, chinthu chimene anali asanachitepo chikwatiranireni, n'kunena kuti malata ndikagule ku Balaka konko, a geji yolimba, ndipo misomali ndisaiwale. Ndinanyamuka ndikuimba. Ndinati ndiyambe kaye ndadzera kwa a Namate, malata sathawa.

A Namate maso anali atayamba kuchita nkhungu, ndiye ankagulitsa mawailesi awo ena. Anandiyalira patebulo awiri. Yoyamba inali kakang'ono konyezimira, kolowa m'thumba la jekete, yachiwiri inali ngati buledi awiri, ndipo iwo anaigunda ndi chala n'kunena kuti, "Dinesi, tenga iyi. Imadya batire pang'ono, imafika kutali, ndipo chitini chako chimodzi chikwana." Malangizo abwino, sindikukana. Koma inu, ine ndagula nsomba zaka makumi atatu, ndipo palibe msodzi wa ku Chiuta, ngakhale wa tsidya la Apwitikizi, amene anandipusitsapo. Mlamba wowamba sugula ndi maso. Umaunyamula kaye padzanja, umaununkhiza kumutu, umaugogoda ndi chikhadabo, chifukwa wopepuka ndi wofumbwa m'kati, ukafika nawo pamsika watsala chikopa ndi minga. Ndinanyamula kakang'ono kaja, kanali ngati ndanyamula chikwa cha fodya, ndinati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndinanyamula yachiwiri ija, ndinainunkhiza kumbuyo, sinkanunkha kanthu, ndinaigogoda, inalira phwaphwa ngati chitini chopanda kanthu. Ndinafunsa ngati panalibe ina yonona.

Mkulu uja anaseka mpaka kutsokomola, kenako analoza kunsi kwa bedi. Ndinagwada, ndinakoka, sichinasunthe, ndinaponda khoma ndi miyendo yonse iwiri n'kukokanso, khoma linasuntha koma icho ayi, mpaka tinaitana akabaza anayi ndi chingwe cha ng'ombe, ndiye chinatuluka: chiwailesi chachitsulo chobiriwira, chamakedzana, m'kati muli mababu ngati mazira a nthiwatiwa, zopotokola zake makumi awiri, fungo lake la fumbi lotentha ndi mafuta a makina, fungo la chinthu chokhwima. Ndinachigogoda, chinayankha kuti nduu, mawu a ng'oma yaikulu, galasi la pawindo n'kunjenjemera. Misozi inalengeza m'maso mwanga, ndikunena zoona, ndinachikonda chinthu chija pomwepo. A Namate anandichenjeza kuti chimenecho chimameza batire ya lole pa tsiku limodzi, chimafuna sola yaikulu, ndipo zonsezo pamodzi chitini chimodzi sichingakwane. Ndinayang'ana chitini cha malata. Nachonso chinandiyang'ana. Ndinati mumtima, ndi chiwailesi chotere ndidzadziwana ndi anthu olemera a maiko onse, malata adzabwera okha pa ndege. Ndinakhuthula zonse ziwiri patebulo, ndipo poti wogula nsomba sachoka popanda basera, anandiikirapo maiki ndi mkombero wa waya.

Kuchinyamula kwake ndiye kunali nkhondo. Titachikweza pa kaliyala, tayala lakutsogolo linadzuka n'kuloza kumwamba, ndinachita kumangirira thumba la mchenga pa handulo, ndipo njira yonse njinga inkasiya ngalande mu tala, imene a misewu akuikwirirabe mpaka lero, ndipo nditafika pa mlatho wa Liwonde mlatho unabuula, Shire anaima kaye n'kubwerera m'mbuyo pang'ono, mvuu zinatulutsa mitu kudzaona amene akudutsa. Mukumva? Ndinalowa m'mudzi mwa Abiti Mkwanda anthu akunditsata ngati ndabwera ndi mkwatibwi. Iwo anatuluka akupukuta manja, anayang'ana chiwailesi, anayang'ana kumbuyo kwanga kumsewu, anayang'ananso.

"Malata ali kuti?"

"Akubwera m'mbuyomu, mayi."

Anatenga ndowa n'kupita kumjigo, ngakhale mitsuko yonse inali yodzadza.

Ine mutu unali kale pa eriyo. Ndinadula nsungwi za m'dambo lonse, ndinazilumikiza imodzi pamwamba pa inzake kwa sabata yathunthu, moti pomanga yomaliza ndinkaona nyanja ya Chiuta ngati mbale ya madzi ndi sitima ikuchoka pa Nayuchi ngati bongololo, ndipo potsika ndinapeza ndevu zamera. Lachisanu masana ndinalumikiza batire, ndinapotokola, mababu aja anayamba kufiira, nkhuku zonse za m'mudzi nthenga zinaima, ndinagwira maiki n'kutchula dzina langa la pamphepo. Mawu anga anatuluka ndi mphamvu yoti anamveka m'mapoto a anthu, m'masipoko a njinga, m'makasu ali m'munda, mayi wina wa dzino lachitsulo pa Ntaja anayasamula n'kuyamba kulankhula ndi mawu anga, ndipo mawuwo anapitirira, anazungulira dziko lonse lapansi n'kudzandimenya kunkhongo ndisanatseke pakamwa, mpaka chipewa chinagwa. Kenako anayamba kuyankha. Wa ku Brazil ndinacheza naye m'Chipwitikizi cha pa doko, anandifunsa mtengo wa matemba. Wa ku Japan anandipempha ndimuphunzitse kuwamba mlamba. Wina anati ali m'chombo cha mumlengalenga, akuiona nsungwi yanga pawindo, ndiisunthe pang'ono adutse. Ndinavina, abale anga, ndinavina ndekha pabwalo maiki ili m'manja, chimwemwe chake sindinachionenso.

Masabata atatu ndinali mfumu ya mphepo, ndipo a ku Ulaya onse analonjeza kuti za malata aziganizira. Tsono tsiku lina chakumasana kunabwera mtambo woyamba wa dzinja kuchokera ku Chiuta, wakuda bii, wonyamula mvula ya boma lonse la Machinga, unkangodutsa ulendo wake wa ku Zomba, koma unakodwa pa nsungwi yanga n'kung'ambika pamimba. Madzi onse aja anakhuthukira pa nyumba imodzi, yathu. Kwa aneba kunali fumbi, nkhuku zikusamba dothi, kwathu matemba amoyo akugwa kuchokera kudenga. M'nyumba monse munali pepala limodzi lokha lalikulu la pulasitiki, limene Abiti Mkwanda anafunditsa thumba la ufa, mbewu ya chimanga ndi makope a sukulu a Esinati. Apa ndiye pamene ndimafuna mundimvetse bwino, chifukwa anthu amandinena. Madzi akalowa mu wailesi ya mababu ndiye kuti yatha. Ndinasolola pepala lija n'kufunditsa wailesi.

Mvula itakata, ufa unali phala, mbewu itafufuma, makope a mwana atasanduka bota. Wailesi inali youma gwa. Abiti Mkwanda anaima pakati pa nyumba madzi ali m'mawondo, chitenje chikudontha, anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatuma mawu kwa Che Lifa. Mlandu wake sunatenge nthawi yophika tiyi. Alamu anga anangofunsa ngati ili linali dzinja lachitatu, ndinati eya, anafunsa ngati pamwamba pathu panali malata, ndinayang'ana kumwamba n'kuona mitambo. Paja amati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Mphasa anandipindira okha mayi a Esinati, bwinobwino, n'kuimanga ndi luzi, ndipo anyamata a m'mudzi amene anakana kundithandiza kudzutsa nsungwi, tsiku limenelo ananyamula chiwailesi chija mosavuta mpaka pamsewu.

Ndi mmene ndinabwerera pa Ulongwe pano, kwa mlongo wanga, kuseri kwa chigayo uko, ndipo nsungwi mukuiona apo ndi yanga. Musandimvere chisoni, iyayi. Dzulo lomweli ndacheza ndi India, Australia ndi munthu wina wokhala pa madzi oundana amene amaweta zimbalangondo. Tsiku lililonse dzuwa likapendeka ndimalozetsa waya kummawa, ku Nselema, ndimatsegula mphamvu yonse mpaka mababu kuyera, n'kuitana Abiti Mkwanda katatu, ndipo amayankha a ku Madagascar, a ku zilumba, a kutsidya kwa zilumba, onse kufunsa kuti kodi mayi amenewa ndi ndani. A Namate akuti ndi khalidwe la wailesi zamphamvu, mawu amakwera kumwamba n'kukagwera kutali, pafupi amangolumpha. Ndiye vuto ndi limenelo basi, mphamvu yachuluka.

Minibasi yanu ija yadzadza, kwerani. Koma amene akuti Dinesi wanama, abwerere ku Liwonde, akwere ya ku Nselema, akafunse pa Abiti Mkwanda. Sasochera, nyumba yake lero ili ndi malata a geji yolimba, owala mpaka kuthobwa m'maso. Ndinawaona ndekha mwezi wathawu, nditaima patali, kuseri kwa mtengo wa mango. Sindinakhome ndine.