Timapulasitiki ta Anapiye a Apongozi

Nkhaniyi ndikanakonda kuikwirira, koma popeza theka la Kabudula likuidziwa kale, bola ndiifotokoze ndekha ena asanaithire nsinjiro.

Ndili ndi kashopu kosindikiza pa Nsaru. Chaka chatha ndinagula m'tauni printa yaikulu, yogwiritsidwapo kale ntchito, yotulutsa zithunzi zotalika ngati chitseko. Tsiku lomwelo ndinasintha kayendedwe, ndipo pachikwangwani ndinaonjezera mawu akuti "katswiri" (palibe anandiumiriza).

Ntchito yoyamba inachokera kwa akazi anga. Bambo awo, mphunzitsi wamkulu komanso mkulu wa mpingo ku Kabudula, ankapuma pantchito. Ana awo anagwirizana zowapatsa chithunzi chachikulu pamwambo wotsanzikana Loweruka, iwo osadziwa.

"Mukwanitsa eti, bambo a Chisomo?" anafunsa akazi anga.

"Funso limenelo muzifunsa anthu ena," ndinayankha.

Pamakinawa, mpukutu wa pepala umavekedwa pachitsulo chachitali, ndipo ziwirizi zimayenera kuzungulira limodzi. Lachinayi m'mawa chitsulo chinkazungulira bwinobwino, koma mpukutu unkangoterereka, pepala n'kumalowa chopendekera. Apongozi anatuluka pakamwa patapita kukhutu, ngati alawa ndimu.

Poyamba ndinanamizira magetsi. Kenako ndinakulunga chitsulo chija ndi selotepi. Apongozi anatuluka ndi mizere pachipumi. Ndinapita kwa wokonza njinga kukapempha chubu chakale, n'kuchizengereza pachitsulopo. Mpukutu unagwiradi, koma unagwiritsa: makina anabuula ngati ng'ombe, pepala linang'ambika pakhosi penipeni pa apongozi. Ndinayesa kuzunguliza mpukutuwo ndi manja. Zinkayenda ndithu mpaka pamene ndinayetsemula.

Pofika masana, pepala lotsala linali lokwanira chithunzi chimodzi basi. Apa m'pamene katswiri anaimbira foni amene anamugulitsa makina.

"Achimwene, mwandigulitsa chinthu chakufa."

"Chikutani?"

Ndinafotokoza.

"Kodi timapulasitiki tiwiri tabuluu tija mwatiika? Bowo la mpukutu ndi lalikulu kuposa chitsulo. Timeneto timalowa uku ndi uku n'kugwira mpukutuwo."

Timapulasitikito ndinatipezadi m'katoni, ndipo ndinatiyesa zotchinjirizira katundu panjira. Apongozi atabwera kudzaona makina, anati tingakhale bwino kudyetseramo anapiye. Ine, mkamwini wopatsa, ndinachita kuwaikira m'jumbo.

Lachisanu m'mawa ndinakwera njinga yamoto. Ndinawapeza apongozi akuwerenga pakhonde, anapiye ali piringupiringu pa katundu wanga.

"Bambo, ndimati ndibwerekeko timbale ta anapiye tija."

"Mwayamba kuweta nkhuku?"

"Ayi... ndikufuna ndikationetse munthu wina. Watikonda."

"Watikonda asanatione?"

Munthu amene wakhala moyo wake wonse akumvetsera mabodza a ana asukulu sungamunamize (ndikukuuzani kuti musadzayese). Anavula magalasi, n'kundiyang'ana kwa kanthawi, kenako anatsuka okha timapulasitiki tija, n'kuvala jekete.

"Tiyeni, nanenso ndikamuone munthuyo."

Titafika kushopu, zithunzi zowonongeka zinali mbwee pansi. Anatola chopotoka pakamwa chija, n'kuchiyang'ana nkhope ili phee.

"Ameneyu ndiye munthuyo eti?"

"Ndi yemweyo, bambo."

"Buku la makinawa lili kuti?"

Linali pansi pa katoni, losatsegula n'komwe. Anakhala pampando wanga, kuloza ndi chala mzere uliwonse. Anandiuza ndichotse chubu ndi selotepi yense, analowetsa timapulasitiki uku ndi uku, n'kukankha mpaka tinalira kuti khethe. Mpukutu unazungulira mwaulemu ngati sunavutepo. Tinaima limodzi, ine ndi apongozi anga, kuonerera mphatso yawo yachinsinsi ikutuluka pang'onopang'ono, kuyambira imvi mpaka tayi.

"Ana aja musawauze," anatero. "Avutikira."

Loweruka atamatula chithunzicho, apongozi anagwira pakamwa, n'kubwerera m'mbuyo, misozi ili lengelenge. Akazi anga analira. Anthu anaomba m'manja, ena n'kumandiloza kuti katswiri wake ndi uyo. Ndinaimirira pang'ono kuti andione bwino.

Kenako inafika nthawi yoti alankhule. Anathokoza mpingo, makolo ndi aphunzitsi anzawo, ndipo pomaliza anati, "Zaka zonsezi ndaphunzitsa chinthu chimodzi chokha: werengani malangizo musanayambe kuyankha. Ana ambiri anamva. Amene sanamve, Mulungu amawatumiza kwa ine ngakhale atakula."

Sanatchule dzina. Anangonditembenukira, ndipo tchalitchi chonse chinatembenuka nawo. Madzulo ake akazi anga anandipanikiza mpaka ndinaulula, ndipo iwo anauzako mchemwali wawo mmodzi yekha.

Ndinaphunzirapo kanthu ndithu. Mwezi watha ndinagula makina omatira pulasitiki pa masatifiketi. Buku lake ndiliwerenga ndikapeza mpata, koma chilichonse chimene ndinachipeza m'katoni mwake, ngakhale kachingwe, ndachitsekera m'kabati.